Iris kuno kwathu safa ndi ludzu, amafa ndi mvumbi

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepa yanu tikambepo za duwa la iris, limene anthu ambiri kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amaligula atamva kuti limapirira chilala. Mawuwo si abodza, koma ndi osakwanira. Munthu akamva kuti mbewu imapirira chilala amangoti basi, ndibzale paliponse n'kuiwala. Ndiye amagula mu Disembala, n'kukwirira m'dothi lakatondo ngati akubzala mbatata ya kachewere, pamwamba n'kuthirapo zitosi za nkhuku. Pofika Febuluwale masamba apendekera kumbali, ukawagwira angozuka, ndipo pansi pake pali phala lonunkha ngati kabichi wowolera m'thumba. Mwini wake amati anamugulitsa mbewu yakufa, pomwe duwalo lamira m'madzi ali chiyang'anire.

Chiyambi cha vutoli ndi kumene duwalo linachokera. Iris wandevu, amene akatswiri amati Iris germanica, uja wa maluwa akuluakulu okhala ndi tiubweya pa masamba a duwa ogwera pansi, kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, ndipo nyengo yotentha kumakhala gwa. Kuno zinatembenuka: mvula yathu imabwera limodzi ndi kutentha, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Tizilombo ta mtundu wa mabakiteriya timene timawoletsa tsinde lapansi la iris timakonda zinthu ziwiri zomwezo, kutentha ndi madzi osachoka. Chilimwe cha Seputembala ndi Okutobala duwali limachidziwa kuchokera kwawo, ndipo limasunga madzi ndi chakudya m'tsinde lake lonenepa lija looneka ngati jinja. Chimene silidziwa ndi mvumbi wa masiku anayi.

Komanso nyengo yathu siikupanganika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Patangotha chaka, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Bedi la maluwa lomwelo liyenera kupulumuka zonse ziwiri. Ndiye funso loyenera kufunsa wogulitsa si lakuti duwali limatha masabata angati osathirira, koma lakuti likamwa madzi a Januwale kenako n'kuuma mu Febuluwale, lidzatsala?

Musaiwalenso kuti maboma awiriwa, Thyolo ndi Mulanje, si malo amodzi. Kummwera kwa phiri la Mulanje, cha ku Mimosa, Lujeri ndi Muloza, mvula ndi yambiri ndipo chiperoni chimanyowetsa masamba ngakhale mu Juni ndi Julayi. Mukazungulira kuseri kwa phiri kulowera ku Phalombe, mitambo imafika itakhuthula kale madzi. Ku Bvumbwe ndi m'mapiri a Thyolo ndi kumtunda kozizira, koma mukatsetsereka kulowera ku chigwa cha Shire kumatentha kwina. Duwa limene lachita bwino pa Bvumbwe likhoza kungopereka masamba okhaokha pa Nkando.

Amene tikuti munthu ayambe naye ndi Dietes, m'bale wake wa iris wa kuno ku Africa. Ambiri munamuonapo osadziwa dzina: mapata a masamba aatali ngati malupanga, obiriwira chaka chonse, amene amakonda kubzalidwa m'mbali mwa makoma ndi m'malo oimika galimoto. Dietes iridioides ndi wamfupi, masentimita 30 mpaka 60, maluwa ake oyera okhala ndi kadontho kachikasu ndi pakati pofiirira pang'ono. Ameneyu amamera yekha m'nkhalango za kummawa ndi kummwera kwa Africa, choncho mthunzi wa mtengo samauopa. Duwa lake limakhala tsiku limodzi lokha. Dietes grandiflora, wochokera ku South Africa, amapitirira mita imodzi, duwa lake limafika masentimita 10 ndipo limakhala masiku angapo. Wachitatu ndi Dietes bicolor, wa masamba opyapyala ndi maluwa achikasu chotuwa okhala ndi madontho atatu akuda. Ameneyu kwawo amamera m'mbali mwa mitsinje, ndiye pa atatuwa ndiye amapirira kwambiri dothi lonyowa, koma akakhazikika chilimwe sichimugwetsa.

Ubwino wa Dietes ndi wakuti anazolowera mvula ya nyengo yotentha ngati yathuyi, safuna chisanu kuti achite maluwa, ndipo dothi la asidi la m'madera a tiyi samadandaula nalo kwenikweni. Maluwa ake amabwera mwa magulu: masiku angapo phata lonse layera, kenako zii, patapita masabata awiri layambanso. Pali cholakwa chimodzi chimene anyamata osamala pabwalo amachita ndi mtima wabwino. Akaona duwa lafota, amadula phesi lonse kuti paoneke paukhondo. Pa iridioides ndi grandiflora phesi lomwelo ndi limene limatulutsanso maluwa, ngakhale chaka chotsatira. Thyolani kachibalobalo kambewu kokha, phesi mulisiye mpaka litauma lokha n'kusanduka lofiirira. Amene amadula mapesi obiriwira ndi omwe amadandaula kuti Dietes wawo ndi waulesi.

Wina woyenera kuno ndi Iris domestica, wa maluwa a mtundu wa lalanje amawangamawanga ngati kambuku, amene njere zake zakuda zonyezimira zimaundana ngati mabulosi. Kwawo ndi ku Asia, kutentha samakuopa, amafika masentimita 60 mpaka 90, ndipo amamera mosavuta kuchokera ku njere. Sakhala zaka zambiri, ndiye muzisiya zibalobalo zingapo zikhwime kuti pakhale olowa m'malo. Madzi odikha amamuwoletsa ngati wandevu yemwe.

Neomarica, uja phesi lake limawerama mpaka kukhudza pansi n'kumeretsa mwana, ndi wa pamthunzi ndi pachinyontho. Pa dzuwa la Okutobala masamba ake amapsa. Iris wa ku Louisiana, ku America, ndi wa kudambo, wabwino kwa amene ali ndi kasupe kapena ngalande yosaphwa, koma si wa nkhani ya chilala. Ma iris a ku Holland, amene amabwera ngati timitu ta anyezi m'mapaketi okongola, amachita maluwa kamodzi ndi mphamvu imene anabwera nayo, chaka chachiwiri n'kuzilala chifukwa chosowa chisanu chokwanira. Ndipo ma iris a m'chipululu cha ku Middle East, otchedwa aril, amene pa intaneti amatamidwa kuti ndi akatswiri a chilala, kuno ndi kutaya ndalama. Amafuna nyengo yotentha yopanda ndi dontho lomwe, pomwe ife nthawi imeneyo tili mu zambulera.

Nanga wandevu, poti ndi amene mitima ya anthu ili pa iye? Amatheka, koma kumtunda kozizira kokha, ndipo mochita kumusamala. Amafuna kuzizira kwa masabata angapo kuti akonze duwa m'kati mwa tsinde. Kumalo otsika amangobereka masamba chaka ndi chaka, mwini wake n'kumawonjezera feteleza, osadziwa kuti chikusowa ndi chisanu. Mitundu yakale, ya maluwa oyera kapena ofiirira osadzikometsera, ndi yolimba kuposa yatsopano ya maluwa opotanapotana. Woyera uja wotchedwa Iris albicans, wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, amene kuyambira kale amabzalidwa pa manda a Asilamu, amadziwika ndi kupirira kutentha. Njira yachidule ndi iyi: pemphani ana kwa mnansi amene phata lake lachita maluwa zaka zitatu zotsatizana m'dera lanu lomwelo. Mbewu imeneyo yayesedwa kale. Kuitanitsa kunja kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe, ndipo chithunzi cha pa foni sichikuuzani ngati duwalo lidzatuluka pa Luchenza.

Musanagule kanthu, yesani malo. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, dzazani madzi, aphwe, n'kudzazanso kachiwiri. Ngati pakutha pa maola 6 madzi akadalimo, pamenepo wandevu ndi domestica sangakhale pokhapokha mutakweza bedi. Malo akhale opeza dzuwa maola 6 kapena kuposa, makamaka la m'mawa limene limaumitsa mame msanga. Pansi pa denga lamalata lopanda ngalande ndi malo oipitsitsa, ngakhale ndi pamene anthu amakonda kuika maluwa. Madzi onse a padenga amathera pa mzere umodzi umenewo.

Bedi likwere masentimita 15 mpaka 20 pa dothi lotayana, ndi 25 mpaka 30 pa katondo wolemera kapena makande. Pamwamba pake pakhale ngati msana wa mzere wa mbatata, osati beseni, ndipo m'mbali mukhale ngalande yotsetsereka yokhala ndi potulukira. Pa malo otsetsereka, amene ku Thyolo ndi pafupifupi paliponse, bedi lipingase chitunda. Tipulani mpaka masentimita 25, ndipo pa ndowa zitatu za dothi musakanize ndowa imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi ina ya kompositi wowola bwino, woti mukamugwira sakutentha ndipo sakununkha. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ayi. Ukasakanikirana ndi katondo umauma ngati njerwa.

Nkhani ya asidi ndi imene ambiri amaidumpha. Asidi wa m'dothi amayezedwa ndi muyeso wotchedwa pH, ndipo nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Tiyi amakonda dothi la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo madera ambiri kumene tiyi amachita bwino dothi lake ndi lotero. Iris wandevu amafuna 6.5 mpaka 7. Pa dothi la asidi wambiri mizu yake imalephera kutenga fosifolasi ngakhale mwathira feteleza, ndiye tsinde limakhala lowonda. Mwazani laimu wa m'munda magalamu 150 mpaka 200 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, sakanizani ndi dothi, n'kudikira mwezi musanabzale. Laimu wake akhale wa ulimi, osati wopakira nyumba. Wopanda laimu agwiritse phulusa la nkhuni losefa, manja awiri odzaza pa malo omwewo, kamodzi pa chaka. Amene akubzala mabedi ambiri ogulitsa afunse alangizi za kayezetsedwe ka dothi ku malo a kafukufuku a Bvumbwe, kusiyana ndi kumangoyerekeza. Dietes safuna zonsezi, ndipo iris wa ku Louisiana laimu amamudwalitsa.

Nthawi yobzala imasiyana. Dietes ndi domestica abzalidwe mvula ikakhazikika mu Disembala, osati pa chizimalupsa chimene chimanyenga anthu kenako dzuwa n'kubwerera masabata atatu. Wandevu adikire kumapeto kwa Epulo kapena Meyi, mvula yamphamvu itadutsa koma nthaka ikadali ndi chinyontho. Akatero amakhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yozika mizu madzi a dzinja asanamupeze. Chaka choyambacho akhoza osachita maluwa, si matenda.

Kabzalidwe ka wandevu ndi kamene kamasemphana ndi dzanja la mlimi. Sankhani tsinde lolimba ngati jinja wabwino, lonenepa kuposa chala chachikulu, lokhala ndi mizu yoyera ndi masamba ake. Dulani masamba atsale masentimita 15 kuti mphepo isamaligwedeze. Podula tsinde gwiritsani mpeni woviikidwa m'madzi a Jik, muyeso umodzi wa Jik pa miyeso 9 ya madzi, ndipo mabala aume pamthunzi masiku awiri. Kumbani kadzenje kosaya, pakati pake muumbe kachulu, khazikani tsinde pa kachuluko ngati munthu wokwera njinga, mizu igwere uku ndi uku. Kwirirani mizu, tsinderani ndi manja, koma msana wa tsinde uzioneka. Kumalo kumene dzuwa la Okutobala limawotcha kwambiri, kadothi ka sentimita imodzi pamwamba n'kokwanira. Kuchokera pa mbewu ina kufika pa ina pakhale masentimita 35 mpaka 45, ndipo mbali ya masamba iloze kunja, chifukwa tsinde limakula molowera komweko.

Apa ndiye pagona nkhani: musabandire. Dzanja lozolowera chimanga likaona tsinde lili pamtunda limayabwa, limafuna kukokerapo dothi. Waganyu amene mwamutuma kupalira adzachita zimenezo mosafunsa, ndipo adzaona ngati wakuthandizani. Muuzeni asanayambe. Musaphimbirenso ndi udzu kapena masamba pamwamba pa tsinde, ngakhale kuphimbira ndi kumene timaphunzitsidwa pa ulimi wosunga chinyontho. Maudzu akhale pakati pa mizere, atalikire tsinde masentimita 10. Akaligunda amasunga madzi ndipo amaitana chiswe ndi nkhono. Popalira pafupi gwiritsani manja, poti bala la khasu ndi khomo la kuwola.

Dietes amalowa pansi pang'ono, masentimita 2 kapena 3 okha, motalikirana masentimita 50, kapena 80 ngati ndi grandiflora. Mukamuchotsa m'chubu, dothi lifike pomwe linkafika m'chubumo. Iyeyu kuphimbira amakulola. Mzere wa Dietes wobzalidwa mothithikana m'mphepete mwa bwalo lotsetsereka umagwira dothi ndithu, koma mizu yake siilowa pansi ngati ya vetiva, ndiye pa akalozera a kumunda musasinthanitse.

Madzi: mukangobzala thirani kamodzi mokwanira, kenako keni imodzi ya malita 10 pa mita imodzi ya bedi kamodzi pa sabata, kwa masabata 6. Akagwira, wandevu amafuna madzi kamodzi pa masabata awiri kapena atatu m'chilimwe, ndipo chiperoni chikagwa mudumphe. Pisani chala m'dothi. Ngati kunsonga kukuzizira, bwererani ndi keni yanu. Thirani m'mawa, pansi, osati pa masamba. Kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku ndi koipa kawiri: mizu imakhala pamwamba ndipo tsinde silimauma. Dietes wa chaka chimodzi amatha chilimwe chonse osathirira, kungoti nsonga za masamba zimapsa ndipo maluwa amachepa. Madzi otsukira mbale kapena ochapira amawalandira ngati mulibe Jik kapena mafuta ambiri, bola muzisinthanitsa ndi madzi abwino.

Feteleza wa chimanga amene ali m'nyumba zambiri, 23:10:5 ndi Urea, ali ndi nayitirojeni wochuluka. Pa iris amatulutsa masamba aatali ofewa, maluwa osaoneka, ndi tsinde la madzimadzi losachedwa kuwola. Zitosi zaziwisi za nkhuku ndi manyowa a Mbeya zimachita chimodzimodzi. Woyenera ndi D Compound, 8:18:15, supuni yaing'ono imodzi pa mbewu, mozungulira patali masentimita 10, osakhudza tsinde. Kawiri pa chaka n'kokwanira: mu Ogasiti maluwa asanatuluke, n'kuthirira, ndiponso maluwa akatha. Dietes kompositi wa kamodzi pa chaka amamukwanira.

Kuwola kukayamba mudzadziwa ndi mphuno. Masamba apakati amachita chikasu kuyambira pansi, ndipo tsinde mukalidina limabonyoka. Musadikire dzuwa. Fukulani, palani chowola chonse ndi supuni mpaka mufike poyera polimba, tsukani ndi madzi a Jik aja, muzimutsuke ndi madzi abwino, n'kuyanika masiku awiri kapena atatu. Dothi la pamalopo lichotsedwe, ndipo zowolazo zitenthedwe, zisapite ku dzenje la kompositi. Mankhwala opopera tomato sathandiza pa vutoli, chifukwa amapha nkhungu pomwe choyambitsa ndi mabakiteriya. Amene amathandizidwa ndi mankhwala a kopa kapena Dithane ndi madontho ofiirira a pa masamba, amene amachuluka nyengo ya chiperoni kummwera kwa phiri. Ngakhale pamenepo yambani ndi kudula masamba odwala n'kuwatentha, ndi kupatulira kuti mphepo izidutsa. Mankhwala abwere pambuyo, motsata muyeso wa pa paketi. Nkhono zitoleni madzulo ndi tochi, poti mabala amene zimasiya ndi amene kuwola kumalowera.

Phata limene linkachita maluwa n'kuleka nthawi zambiri lathithikana. Tsinde lililonse la wandevu limachita maluwa kamodzi, kenako limabereka ana m'mbali n'kukalamba. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pakati pa phata pamakhala zitsinde zakale zokhazokha zokwerana. Zulani lonse mu Epulo kapena Meyi, thyolani ana a m'mbali, zakale mutaye. Dietes amagawidwa ndi khasu kapena chikwanje, gawo lililonse likhale ndi magulu a masamba atatu kapena anayi. Kagawo ka gulu limodzi kamachedwa kugwira ndipo kamagwa ndi mphepo. Iridioides amadzifesa kwambiri, ndiye amene ali pafupi ndi mtsinje kapena nkhalango azithyola zibalobalo zisanaphulike.

Maluwa onsewa si ndiwo ndipo musawamwe ngati mankhwala. Tsinde la iris likadyedwa limasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo utomoni wake umayabwa pakhungu la anthu ena. Poti limafanana ndi jinja ndi chikasu, musaliyanike pa thandala limodzi ndi zakudya kapena pamene ana amasewera. Abale ake a kutchire otchedwa Moraea, amene amatulutsa maluwa okongola m'madambo ndi m'mapiri, ena mwa iwo amapha ng'ombe ndi mbuzi. Ndipo amene amakwera phiri la Mulanje n'kumatsika ndi timitu ta maluwa m'chikwama adziwe kuti ndi nkhalango yotetezedwa, kuzula popanda chilolezo ndi mlandu pa malamulo a zankhalango. Komanso chozulidwa ku Lichenya kapena ku Chambe, kumene madzi amachita kuundana usiku wa Julayi, sichipirira kutentha kwa pa Chitakale.

Pempho lathu kwa eni nazale ndi lakuti pa chubu chilichonse azimangirirapo kapepala ka dzina lenileni. Panopa Dietes, Neomarica, domestica ndi wandevu onse amangotchedwa iris, mtengo umodzi, malangizo amodzi akuti "muzithirira". Wogula amene wapeza mbande yopanda dzina ndi yopanda duwa ayang'ane masamba ndi tsinde. Masamba otuwa ngati apakidwa ufa, otambalala masentimita 3 kapena 4, pa tsinde lonenepa, ameneyo ndi wandevu kapena domestica, ndipo apite pa bedi lokwera. Masamba obiriwira kwambiri, olimba ngati chikopa, pa tsinde lowonda lolimba ngati mtengo, ndi Dietes. Masamba ofewa onyezimira ogwera kumbali ndi Neomarica, wa pansi pa mtengo wa mapeyala.

Olima maluwa,
Bvumbwe, Thyolo